Motoka Ikamatentha, Musafulumire Kutaya Thermostat

Mamotoka ambiri amene timayendera kuno ku Chipata anacokera ku Japan atagwirako kale nchito: ma Corolla ndi ma Vitz onyamula anthu pakati pa Kapata ndi m'tauni, ma Noah a m'mabanja, ndi ma Hiace opita ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi. Motoka yotere ikayamba kutentha, mwiniwake sacedwa kumva uphungu wakuti: "Cotsani thermostat, imeneyo anaikira maiko ozizira, kuno kwathu ilibe nchito." Uphunguwu umakoma m'khutu cifukwa sulira ndalama. Koma kawirikawiri umangophimba vuto lenileni, ndipo vutolo limadzaonekera kutali ndi kwanu, mwina pokwera mapiri a Manenekera pa ulendo wa ku Lusaka, muli ndi ana ndi katundu m'motoka. Thermostat ndi cimodzi mwa zitsulo zochipa za pa injini, pamene hedi ya injini ikapindika ndi kutentha, mtengo wokonzetsa umaposa wa thermostat kambirimbiri.

Kodi thermostat imagwira nchito yanji?

Injini ikamalira imatentha kwambiri. Pampu imakankha madzi kuti azizungulira m'njira za mkati mwa injini, ndipo madziwo amatenga kutenthako n'kupita nako ku radiator, kumene mphepo imawaziziritsa. Thermostat ndi kacitseko kamene kali pakati pa injini ndi radiator. Ili ndi sipuling'i yolimba ndi kacibotolo kacitsulo kodzaza phula lofanana ndi la makandulo. Injini ikadali yozizira, sipuling'i imatseka kacitsekoko ndipo madzi amangozungulira m'injini momwemo kuti itenthe msanga. Madzi akatentha kufika pa mlingo wake, phula limasungunuka n'kutupa, ndipo limakankha kacitseko kuti madzi adutse kupita ku radiator. Akazizira, phula limabwerera ndipo kacitseko kamatsekanso.

Mlingowo umalembedwa pa thermostat penipenipo. Pa ma Toyota ambiri mudzaona nambala 82, kutanthauza madigiri 82 a Celsius: imayamba kutseguka pakati pa 80 ndi 84, ndipo pofika 95 imakhala itatsegukiratu. Mitundu ina ya mamotoka ili ndi manambala ena, monga 88.

Cifukwa cake siyenera kucotsedwa

Injini inapangidwa kuti izigwira nchito madzi ake ali pafupi ndi madigiri 90. Ngakhale ku Mfuwe mu Okutobala, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ena, mphepo ya kunja simafika ndi theka lomwe la mlingo umenewu. Ku Japan nakonso kumatentha ndithu mu Julayi ndi Ogasiti. Ndiponso ma Hilux ndi ma Corolla amene Toyota imapangira ku Durban, oti agulitsidwe muno mu Africa, amatuluka m'fakitale ali ndi thermostat.

Injini yopanda thermostat imacedwa kutentha, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi. Kompyuta ya injini ikaona kuti madzi akadali ozizira, imapitiriza kuthira petulo woculuka monga imacitira polizira m'mawa, motero mafuta amatha msanga. Petulo wosapsa bwino amatsikira mu oyilo, cinyezi sicicoka, oyilo amasanduka matope akuda, ndipo zitsulo zimadyana msanga. Kwa m'bale woyendetsa takisi, amene maulendo ake ndi afupiafupi, ndalama imeneyi imatayika tsiku ndi tsiku osaiona.

Palinso cina. Ma thermostat ambiri ali ndi kambale kaciwiri kumunsi kwake. Kacitseko ka ku radiator kakatseguka, kambale aka kamatseka njira yacidule imene madzi amazungulira nayo injini ili yozizira. Mukacotsa thermostat, njira yaciduleyo imakhala yotsegula nthawi zonse, ndipo madzi ena amabwerera m'injini osadutsa mu radiator. N'cifukwa cake motoka yocotsedwa thermostat ingaoneke yozizira pa msewu wosalala, koma n'kuwira pa citunda itanyamula katundu.

Thermostat imafa m'njira ziwiri

Njira yoyamba ndi kukakamira ili yotseka. Iyi ndiyo yoopsa. Madzi safika ku radiator, ndipo kasingano ka pa dashibodi kamakwera kufika pofiira patangopita mphindi zowerengeka, ngakhale madzi ali odzaza ndipo fani ikuzungulira. Paipi imodzi ya radiator imatentha zosagwirika pamene inayo ili yozizira.

Njira yaciwiri ndi kukakamira ili yotsegula. Kasingano kamakhala pansi, kapena kamakwera m'tauni n'kutsikanso mukamathamanga pa msewu waukulu kapena potsetsereka. Pa mamotoka opanda kasingano, monga ma Vitz ambiri, kanyali kosonyeza kuti injini ndi yozizira kamacedwa kuzima. Hita imatulutsa mphepo yofunda cabe, ndipo petulo sakhalitsa. Makanika akalumikiza makina oyezera ku kompyuta ya motoka, pa mamotoka ena imaonetsa nambala P0128.

Musanaiimbe mlandu thermostat

Si kutentha kulikonse kumene kumacokera ku thermostat. Yambani mwaona zinthu izi injini ili yozizira.

Madzi: tsegulani civindikiro ca radiator muone ngati ali odzaza mpaka pakhosi. Ngati amacepa sabata iliyonse, pali pamene pakudontha. Yang'anani m'mapaipi, m'mphepete mwa radiator ndi pansi pa pampu.

Fani: ngati motoka imatentha mukaima pa mzere pafupi ndi msika wa Kapata koma n'kuzizira mukayamba kuthamanga, kaikirani fani, fyuzi yake kapena waya wake.

Radiator: ngati imatentha mukamathamanga kapena pa citunda cokha, mwina radiator yatsekeka kunja ndi matope ndi njere za udzu, kapena mkati ndi dzimbiri.

Civindikiro: cimasunga mphamvu ya mpweya kuti madzi asawire msanga, ndipo pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1. Labala wake akatha, madzi amawira ndi kutayika pamene injini ilibe vuto lina.

Gasiketi ya hedi: thovu losaleka m'khosi mwa radiator, utsi woyera wosatha ku ekizozi, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka zimasonyeza kuti gasiketi yapsa. Apa thermostat yatsopano siingathandize. Pitani kwa makanika.

Kuyesa ndi dzanja ndi kuyesa mumphika

Kuyesa koyamba sikufuna sipana. M'mawa lizani injini, tsegulani boneti, ndipo muzigwira mapaipi awiri aakulu a radiator mwa apo ndi apo, manja ndi zovala zili kutali ndi fani ndi malamba. Thermostat ikakhala yabwino, radiator imakhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenako kasingano kakayandikira pakati imatentha mwadzidzidzi ndipo mapaipi onse awiri amafunda. Ngati radiator yayamba kufunda pang'onopang'ono injini itangolira, thermostat ndi yotsegula kapena mulibemo n'komwe. Ngati kasingano kapitirira pakati koma paipi imodzi ikadali yozizira, zimitsani injini: thermostat yakana kutseguka.

Kuyesa kwaciwiri kumacitika mutaimasula. Yambani mwaiyang'ana poyera. Ngati ili yozizira koma mukuona mpata pakati pa kacitseko ndi mkombero wake, yatha. Ngati ndi yotseka, imangeni ndi kawaya, muilendewetse m'poto wakale wa madzi osakhudza pansi, ndi kuika pa mbaula kapena pa sitovu. Poto ameneyu asakhale wophikira. Ngati muli ndi coyezera kutentha cofika madigiri 100, onani ngati ikuyamba kutseguka pa nambala yolembedwa. Ca kucipatala cija sicingathandize cifukwa cimalekeza pafupi ndi 42. Ngati mulibe, madzi eniakewo adzakuuzani. Chipata ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, motero madzi kuno amawira pafupi ndi madigiri 96. Thermostat ya 82 iyenera kuyamba kutseguka madzi asanawire, ndipo akamabwadamuka ikhale itatseguka mpata wa mamilimita 8 mpaka 10, ngati kunenepa kwa pensulo. Mukaitulutsa itseke yokha. Ndi bwino kuika yatsopano m'poto yemweyo pambali pa yakale, kuti muone kusiyana kwake ndi kutsimikiza kuti imene mwagula ndi yamoyo.

Kuika yatsopano

Pogula, tengani yakale ndi nambala ya injini, monga 1NZ kapena 1ZZ. Yatsopano ifanane nayo kukula, kutalika, nambala ya madigiri ndi kambale ka kumunsi kaja. Gulaninso labala kapena gasiketi yake yatsopano. Mufunika sipana 10 kapena 12, pulayala, beseni, nsanza ndi coolant.

1. Gwirani nchitoyi injini itazizira kotheratu. Masulani waya wa batire wa cizindikiro ca (–).

2. Ikani beseni pansi pa radiator, tsegulani kampopi ka pansi pake, madzi atuluke.

3. Tsatirani paipi yaikulu kufika pamene yalowa mu injini. Pa mainjini ambiri a Toyota thermostat ili kumapeto kwa paipi ya pansi. Pa ena ili pa ya pamwamba. Kanyumba kake kamamangidwa ndi mabauti awiri kapena atatu. Pa mainjini ena alternator imachinga njira. Ngati simunazolowere kuimasula, siyirani makanika.

4. Musanaitulutse, jambulani ndi foni mmene yakhalira. Mbali ya sipuling'i imaloza mkati mwa injini. Mukaitembenuza, phula silikhudzidwa bwino ndi madzi otentha ndipo injini imawira.

5. Pukutani bwino pokhalira pake osakanda citsulo, cifukwa ndi cofewa. Musapake silikoni wambiri. Zidutswa zake zimakatseka timapaipi ta radiator.

6. M'mphepete mwa thermostat zambiri muli kabowo kokhala ndi kamsomali kogwedera. Kameneka kakhale pamwamba, cifukwa ndimo mumatulukira mpweya pothira madzi.

7. Mangani mabauti mosinthanasinthana, pang'onopang'ono. Ndi aang'ono, ndipo kanyumba kena ndi kapulasitiki. Mukakoka ndi mphamvu zonse kamang'ambika.

8. Tsekani kampopi, thirani coolant pang'onopang'ono, bwezerani waya wa batire. Ikani hita potentha, lizani injini civindikiro cili cotsegula, nkhope yanu ili patali. Thovu lizituluka, ndipo thermostat ikatseguka madzi adzatsika. Onjezerani, tsekani civindikiro, dikirani fani iyake ndi kuzima, muone ngati sipakudontha.

9. Mawa lake m'mawa onaninso madzi mu radiator ndi m'kabotolo ka pambali, afike pakati pa LOW ndi FULL.

Za madzi othiramo

Madzi a pa mjigo kapena a pacitsime amasiya zoyera zija timaona mu ketulo, ndipo madzi okha opanda coolant amadyetsa injini dzimbiri. Zinthu ziwirizi zimafupikitsa moyo wa thermostat, pampu ndi radiator. Werengani pa botolo: coolant wina ndi wosakaniza kale ndipo safuna madzi, wina amasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi a batire osasakaniza asidi. Musasakanize mitundu yosiyana.

Makolo, tamverani apa. Coolant wambiri ali ndi mankhwala a ethylene glycol, amene amatsekemera mkamwa koma amaononga impso ndipo amapha. Maonekedwe ake ofiira kapena obiriwira amafanana ndi zakumwa za ana. Musamusunge m'botolo la zakumwa, musasiye beseni pabwalo pamene ana, agalu ndi nkhuku zingafike, ndipo musamutaye pafupi ndi citsime. Wina akamwa, thamangirani naye kucipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwino.

Ikatentha muli pa ulendo

Zimitsani AC, yatsani hita mwamphamvu kuti icotseko kutentha, patukani pamalo abwino ndi kuzimitsa injini. Musatsegule civindikiro ca radiator: madzi a mkatimo angakhale opitirira madigiri 100 ndipo amatumphukira kumaso ndi m'manja. Musathire madzi ozizira pa injini yotentha, ingang'ambike. Dikirani theka la ola kapena kuposerapo, mpaka paipi ya pamwamba izigwirika ndi kufinyika mosavuta. Ngati zatsimikizika kuti thermostat yakakamira yotseka muli pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, kuicotsa kuti mukafike pamene pali sipeya n'kololeka, mukuyenda mofatsa ndi kuyang'ana kasingano. Mukangofika, ikani yatsopano.

Ambiri a ife sitidzagwira sipana tokha, koma tingathe kufunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Makanika akakuuzani kuti acotse thermostat, mufunseni mwaulemu ngati waiyesa m'madzi otentha, ngati fani ikuyaka, ndi ngati wayang'ana radiator ndi civindikiro. Makanika wodziwa nchito yake sakwiya ndi mafunso otere. Ngati munagula motoka kwa munthu wina kuno, mupempheni atsegule kanyumba kaja aone ngati thermostat ilimo. Citani zimenezi kukadali sabata imodzi ulendo wautali usanafike, kaya ndi wa ku msonkhano wa mpingo, wa ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, wa ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kapena wokasiya ana ku sukulu, kuti ngati pali podontha muonere pakhomo panu.