Umboni Wozungulira pa Mbiri ya Mafilimu Oyambirira

M'nkhani ino tilongosola m'mene bodza limasandukira umboni m'nkhokwe za nzeru za pa intaneti monga Wikipedia, makamaka pa mbiri ya mafilimu akale opanda mau.

Gwero la vutoli ndi lakuti mafilimu ambiri a nthaŵiyo kulibenso. Kafukufuku wa Library of Congress wa mu 2013 anasonyeza kuti mwa mafilimu aatali 10,919 opangidwa ku America pakati pa 1912 ndi 1929, pafupifupi 70 mwa 100 alionse anatayikiratu. Ena anaola, ena anapsa, monga pa moto wa m'nkhokwe ya Fox ku New Jersey mu 1937. Motero wolemba zabodza za filimu yotayika alibe womtsutsa.

Bodzalo limayenda motere. Munthu alemba chiganizo chopanda umboni mu Wikipedia. Mtolankhani achikopera osatchula kumene wachitenga. Pambuyo pake mkonzi wina apeza nyuzipepala ija naitchula ngati gwero la chiganizo chomwe chija. Randall Munroe mu 2011 anatcha mchitidwewu citogenesis.

Nthaŵi zina bodza limakhala ladala. Nkhani ya Yuri Gadyukin, "wopanga mafilimu" wa ku Soviet Union amene sanabadwe n'komwe, inakhala mu Wikipedia zaka zoposa zitatu kufikira 2013. Koma kukoperana kunayamba kale intaneti isanadze. Mabuku ambiri amanena kuti anthu anathaŵa ndi mantha poonera sitima ya pamtunda mu filimu ya abale a Lumière, L'Arrivée d'un train en gare de La Ciotat. Martin Loiperdinger mu 2004 anasonyeza kuti palibe cholembedwa cha nthaŵiyo chotsimikiza zimenezi. Ndiponso filimuyo sinali pa mndandanda wa chionetsero cha ku Grand Café ku Paris pa 28 Disembala 1895, ngakhale ambiri amatero.

Ife ophunzira ziyankhulo nkhaniyi itikhudza. Nkhani yomasuliridwa kuchokera m'Chingerezi kupita m'Chicheŵa, m'Chishona kapena m'Chiswahili imasenza zolakwa zake zonse, ndipo woŵerenga angayese kuti wapeza mboni zinayi. Koma mboni zomwe zinamva kwa munthu mmodzi ndi mboni imodzi. Choncho tisamaŵerenge kuchuluka kwa magwero. Tizifunsa chaka chimene lililonse linalembedwa, ndi kumene mlembi wake anaitenga nkhaniyo.