Foni yanena cina, a ku cipatala anena cina

Abale aphunzitsi a sukulu za akulu, ambiri a inu mwaziona kale izi. Phunziro lisanayambe, mayi wina abwera ndi foni ya mwana wace nati: "Aphunzitsi, tandiwerengereni apa, akuti ndi mankhwala a shuga." Muwerenga, ndipo kalasi yonse ili chete kudikira kuti munene ngati nzoona. Si inu anamwino ai, koma popeza mudziwa kuwerenga, mau anu alemera.

Kale mbiri za matenda zinali kuyenda pa citsime, pa maliro ndi pa msika. Kuyambira 2012, pamene Movitel anayamba kuimika nsanja zace mpaka kumidzi, mbirizo zikuyendanso pa WhatsApp ndi Facebook. Tsono munthu amafika ku cipatala atasankha kale dzina la matenda ace ndi mankhwala amene akufuna.

Tikati cipatala pano tikunena cija capafupi: centro de saúde, ndiponso APE wa m'mudzi uja woyenda ndi cikwama ca mankhwala. Nchito ya ma APE inayamba mu 1978, caka comwe maiko anagwirizana ku Alma-Ata kuti cithandizo coyamba cifike kwa munthu aliyense kumene akhala. Nkhondo inaiononga, ndipo boma linaidzutsanso mu 2010.

Ku maiko ena wodwala asankha cipatala monga tisankhira tomato pa msika. Ku England, kuyambira 2007, boma linatsegula tsamba la pa intaneti pamene odwala analikulemba zimene anaona ku cipatala cao, kuti anzao awerenge asanasankhe. Kuno tilibe zipatala zambiri zoti nkusankhapo, komabe timasankha ndithu: kupita lero kapena kudikira mawa, ku centro kapena kwa sing'anga, kugula mapiritsi pa msika, kapena kuoloka malire. A ku Tsangano ndi Domwe aidziwa njira ya ku Ntcheu ndi Dedza, a ku Cóbuè aoloka nyanja kupita ku Likoma, ndipo ambiri anazolowera zipatala za ku Malawi pa zaka za uthawi, mtendere wa 1992 usanabwere. Pa zosankha zonsezi foni tsopano ili ndi mau.

Titenge citsanzo ca malungo, pakuti ndipo pamene pamabuka mikangano kawiri-kawiri. Bambo watentha thupi, mutu ukuwawa. Mphwace wa ku Joni wamtumizira uthenga: "Amenewo ndi malungo, kauzeni akupatseni Coartem." Ku centro amlasa cala, adikira mphindi 15 kapena 20, ndipo kacipangizo kaonetsa mzere umodzi wokha: malungo palibe. Namwino ampatsa paracetamol namuuza kuti abwerenso ngati sakupeza bwino. Bamboyo aturuka atakwiya: "Ndayenda mtunda wonsewu cifukwa ca panado?" Madzulo agula Coartem pa msika, amwa tsiku limodzi, nasiya.

Kodi walakwa ndani? Namwino watsata lamulo. Kuyambira 2010 bungwe la za umoyo la dziko lonse, OMS, limati munthu ayezedwe magazi asanapatsidwe mankhwala a malungo, cifukwa kutentha thupi kumabwera ndi matenda ambiri: cimfine, cibayo, matenda a m'njira ya mkodzo. Kumwa Coartem pamene vuto ndi cibayo nkutaya masiku, matenda enieni alikukula. Ndipo amene alidi ndi malungo ayenera kumwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, munthu wamkulu mapiritsi 24 onse. Kusiya pakati kumasiya tizirombo tamoyo m'magazi.

Apa ndipo tiyenera kumvetsa cinthu cimodzi. Kukhutira ndi cithandizo sikufanana ndi kuthandizidwa bwino. Ku America, dotolo Joshua Fenton ndi anzace anafalitsa mu 2012 kafukufuku wa anthu akulu oposa 50,000. Anapeza kuti amene anali okhutira koposa ndi madotolo ao ndiwo analikugonekedwa m'cipatala kawiri-kawiri, kuononga ndarama zambiri pa mankhwala, ndipo imfa pakati pao zinali zocurukirapo. Sizitanthauza kuti kukhutira kumapha ai. Koma zitikumbutsa kuti dotolo wopatsa munthu ciriconse cimene wapempha amakondedwa msanga. Ifenso tiwadziwa anthu amene amati popanda jekeseni sanacizidwe.

Komabe tisaike mlandu wonse pa wodwala. Bambo uja akadamva mau awiri okha ofotokoza cifukwa cace sanampatse Coartem, mwina sakadapita pa msika. Anthu athu adandaula zoona: kudikira kuyambira mbandakuca mpaka dzuwa lipendeke, kukalipiridwa pamaso pa anthu, kufotokozeredwa m'Cipwitikizi cimene sakumva, kupeza mankhwala atatha. Foni siikalipa, ilankhula cinenero cathu, ndipo iyankha ngakhale usiku. Ncifukwa cace imakhulupiriridwa.

Mbiri ya dziko lathu itiphunzitsa kuti mau osamveka bwino angathe kupha. Ku Nampula, pa nthawi za kolera, inafala mbiri yakuti anchito a za umoyo akuthira matendawo m'zitsime, pamene iwo analikuthira mankhwala oyeretsa madzi. Mu 2009, ku Mogincual, anchito a Cruz Vermelha anaphedwa cifukwa ca mbiri yotere. Carlos Serra, amene anali atafufuza kale mbiri yotere m'buku lace Cólera e Catarse, anaonetsa kuti muzu wace unali kusakhulupirira akulu-akulu amene anthu anaona kuti awataya. Koma panalinso mau awiri omveka mofanana m'khutu: cloro ndi cólera. Nthawi imeneyo mafoni a intaneti anali asanafike kumidzi. Lero mbiri yotere ingafike m'maboma atatu dzuwa lisanalowe.

Lembani mau awiriwo pa bolodi. Ophunzira awerenge zilembo, aone pamene afanana ndi pamene asiyana. Limeneli ndi phunziro la kuwerenga, ndiponso la moyo wao.

Pa uthenga wa pa foni, musafulumire kunena kuti "nzabodza", pakuti mwina wautumiza ndi mwana wace wa mayiyo. Funsani kalasi: Walemba ndani, dzina lace lilipo? Akugulitsa kanthu? Akuti mankhwala amodzi aciza shuga, BP ndi Edzi pamodzi? Akutuma munthu kukayezetsa, kapena akumuuza kuti asiye mankhwala a ku cipatala? Funso lomalizali ndilo lalikulu, makamaka kwa amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a cifuwa cacikulu. Kumbukirani kuti ngakhale mau a munthu wamkulu angathe kusokeretsa: mu 2020 amene anali mtsogoleri wa Madagascar, Andry Rajoelina, analengeza cakumwa ca Covid-Organics, koma OMS inacenjeza kuti panalibe umboni wakuti cimaciza.

Foniyo ili ndi zabwino zace. Pa nthawi ya Covid-19 Unduna wa za Umoyo unalengeza nambala *660#, yoyankha ngakhale pa kafoni ka mabatani, ndi mzere wa Alô Vida. Ku Malawi, Chipatala Cha Pa Foni cinayamba ku Balaka mu 2011, anthu nkumalankhula ndi anchito a za umoyo m'Cicewa.

Tsiku lina muitane APE kapena mmodzi wa komiti ya cipatala abwere m'kalasi. Ophunzira akonzeretu mafunso atatu oti azifunsa namwino, nawalembe okha kumapeto kwa kope: Matenda anga ndi ciani? Mankhwalawa ndimwe bwanji, masiku angati? Ndibwerenso liti? Amene ali ndi dandaulo, kalasi imthandize kulemba kalata yaifupi, ya tsiku ndi zimene zinacitika, yopita ku komitiyo.