Eni chipinda ayambe alankhula

Tim Shaw ndi Niamh White atapita kukazonda mnzawo amene anagonekedwa m'chipatala cha matenda a maganizo ku England, anabwerako mitima ili yosweka. Zipinda zinali zozizira m'maso, makoma ali mbee, popanda chilichonse chokumbutsa munthu kuti akadali moyo.

Mu 2016 awiriwa anakhazikitsa bungwe la Hospital Rooms, loika zojambula m'zipatala zoterezi. Ntchito yoyamba inachitikira ku Phoenix Unit, pachipatala cha Springfield ku Tooting, kum'mwera kwa London, komwe amasamalira anthu odwala schizophrenia, matenda omwe World Health Organization inati mu 2022 ankagwira anthu pafupifupi 24 miliyoni padziko lonse. Akatswiri otchuka ngati Nick Knight ndi Gavin Turk anaikapo luso lawo.

Njira ya bungweli ndi yakuti wojambula asafike ndi maganizo ophikaphika kale. Amayamba wakhala patebulo limodzi ndi odwala komanso anamwino, mapepala ndi utoto zili pakati, n'kumamva zomwe iwo akufuna. Nanga ndani akudziwa bwino chipindacho kuposa munthu amene wakhala akuyang'ana denga lake miyezi yambirimbiri? Munthu akamamva mawu omwe ena sakuwamva, ambiri amathamangira kunena kuti zonse zotuluka pakamwa pake n'zopepera. Kumeneko n'kulakwa. Iyeyo ndi amene angakuuzeni kuti nyali ya pakhonde imamusowetsa tulo, kapena kuti nkhope yojambulidwa pakhoma imaoneka ngati ikumulondalonda.

Malamulo a chipatala nawonso sagona. Chojambula chisakhale ndi msomali, galasi losweka msanga kapena pokolowekapo chingwe, ndipo chizitha kupukutidwa ndi mankhwala ophera tizilombo.

Povuta kwenikweni ndi pachilolezo. Odwala ena amagonekedwa mokakamizidwa ndi lamulo la Mental Health Act la 1983, ndipo makiyi a chitseko amakhala m'thumba mwa ogwira ntchito. Wodwala wotereyu akati "ndavomera", wavomeradi, kapena akuopa kuti kukana kumuchedwetsa kutuluka? Winanso mankhwala amamulemetsa thupi moti kucheza kwa ola lathunthu kumamutopetsa. Wojambula wanzeru amafupikitsa zokambirana, amafunsanso chilolezo tsiku lililonse akabwera, ndipo wodwala akadzuka pakati pa nkhani n'kumapita kukagona, samulondola.