Kunyamutsa sitima makamera akawonongeka

Kunyamutsa sitima ndi ntchito yotsimikiza, sitima yapamtunda isanachoke pa siteshoni, kuti okwera akwera, otsika atsika, zitseko zatsekeka ndipo palibe amene wapanikizidwa kapena wayandikira mabogi. Kuyambira kale ntchitoyi inali ya gadi wa sitima ndi ogwira ntchito pa siteshoni, amene ankagwiritsa ntchito wezulo, mbendera yobiriwira, ndi nyali kukada. M'maiko ena masiku ano dalaivala amaigwira yekha mothandizidwa ndi makamera.

Sitima zopanda gadi

Ku Britain, sitima zoyenda ndi dalaivala yekha zinayamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa njanji ya pakati pa Bedford ndi London St Pancras. Poyamba dalaivala ankadalira magalasi ndi masikirini oikidwa pa pulatifomu. Sitima zatsopano zili ndi makamera kunja kwa bogi iliyonse, ndipo zithunzi zake zimaoneka m'chipinda cha dalaivala.

M'chipindamo mulinso nyali yosonyeza kuti zitseko zonse zatsekeka, koma nyaliyi ndi yosadalirika payokha. Chitseko chimatha kutsekeka chitapana chinthu chopyapyala, monga lamba wa chikwama kapena zala, nyali n'kuyaka ngati zonse zili bwino. Mu Epulo 2015 pa siteshoni ya West Wickham, mayi wina anakokedwa ndi sitima lamba wa chikwama chake atapanidwa, ndipo anavulala kwambiri. Mu Julayi chaka chomwecho, pa Hayes & Harlington, mayi winanso anakokedwa dzanja lake litapanidwa. Bungwe lofufuza ngozi za pa njanji la Rail Accident Investigation Branch linachenjeza kuti nyali ija silowa m'malo mwa kuyang'ana ndi maso.

Kamera ikawonongeka

Kamera siyenera kuzimiratu kuti ikhale yopanda ntchito. Fumbi, madontho a mvula, kapena dzuwa la m'mawa lowomba mwachindunji zimatha kubisa munthu pa chithunzi. Lamulo lake ndi limodzi: dalaivala amene sakuona zitseko zonse sanyamutsa sitima. Pamenepo amadziwitsa oyang'anira kayendedwe ka sitima, ndipo wogwira ntchito pa pulatifomu, kapena wina wophunzitsidwa amene wakwezedwa m'sitimamo, ndiye amayang'ana mabogi n'kupereka chizindikiro chotsekera zitseko, kenako chonyamukira. Ngati sitima ndi yaifupi ndipo pulatifomu ndi yowongoka, dalaivala akhoza kusuzumira pawindo. Pa pulatifomu yokhota zimenezi sizitheka, chifukwa mabogi akumbuyo amabisika. Zonse zikakanika, anthu amatsitsidwa ndipo sitima imapita kokakonzedwa. Apa ndi pamene pagona yesero, popeza sitima yochedwa imachedwetsa zina zonse zobwera pambuyo pake.

Ku Limbe

Anthu a ku Bangwe amakwerera sitima pa siteshoni ya Limbe, pomwe pali likulu la njanji za Malawi. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, ya kuchokera pa Nkaya kupita ku Nayuchi inatsegulidwa mu 1970, ndipo mu 1999 boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima kwa kampani ya Central East African Railways.

Sitima ya anthu yochokera ku Limbe kupita ku Balaka ndi Nayuchi imakokedwa ndi injini ya dizilo, ndipo kunyamutsa kwake kumadalira maso a anthu kuposa makina. Ntchitoyi si yophweka. Pa malo ambiri oimira palibe pulatifomu yokwera, okwera amakhala ndi matumba ndi mitolo, ndipo ogulitsa malonda amaima m'munsi mwa mawindo kudikira ndalama zawo mpaka sitima itayamba kugwedezeka. Mwana akhoza kukwezedwa kale mayi ake akadali pansi.

Njanji za Malawi ndi za mzere umodzi, choncho zitseko kutsekeka si chilolezo chokwanira. Dalaivala amadikiranso chilolezo cholowa m'chigawo chotsatira cha njanji, chifukwa sitima ziwiri zimapatukirana pa malo okhawo amene pali njanji yachiwiri. Kuchokera pa Nkaya kukafika ku Nayuchi, sitima ya anthu imayenda njanji imodzi ndi sitima zazitali zonyamula malasha ochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala.