Tsiku la Ramazani Limatalika ndi Kufupika

Ambiri a ife amene tinakulira ku Phalombe tinamvapo kuitana kwa ku mzikiti m'bandakucha. M'mwezi wa Ramazani kuitana kumeneku kumauza anzathu a Chisilamu kuti nthaŵi ya daku, chakudya chawo cha usiku, yatha. Kuyambira pamenepo sadya kapena kumwa kanthu, ngakhale dontho la madzi, kufikira dzuŵa litaloŵa. Kodi maola amenewo ndi angati? Yankho lake limasintha chaka ndi chaka.

Asilamu amaŵerenga miyezi yawo poona mwezi wa kumwamba, ndipo chaka chawo chili ndi masiku 354 kapena 355. Motero Ramazani amayamba msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo amazungulira nyengo zonse pa zaka pafupifupi 33. Mwana amene anayamba kusala kudya m'nyengo yachisanu adzasalanso m'nyengo yotentha ndi m'nyengo ya dzinja asanamere imvi.

Kuno kwathu dzuŵa la mu Juni limatuluka cha m'ma 6 koloko m'maŵa ndi kuloŵa itangopitirira 5 koloko madzulo. Mu Disembala limatuluka cha m'ma 5 koloko ndi kuloŵa itangopitirira 6 koloko. Koma kusala sikudikira kuti dzuŵa lisuzumire pamwamba pa phiri la Michesi. Kumayamba kum'maŵa kukangoyamba kuyera, kutatsala nthaŵi yoposa ola limodzi kuti dzuŵa lituluke. Chifukwa chake m'chaka cha 2015, pamene Ramazani anayamba pakati pa Juni, anzathuwo ankasala maola pafupifupi 12 ndi theka, koma m'chaka cha 2000, pamene masiku ambiri a mweziwo anagwera mu Disembala, ankasala maola oposa 14.

Kusiyana kwa maola aŵiri kungaoneke kochepa, koma tiganizire za nyengo yake. Mu Juni kunja kumazizira, chimanga chili m'nkhokwe, ndipo ludzu silivuta kwenikweni. Mu Disembala munthu amakhala ali m'munda kupalira pa dzuŵa loswa mtengo, pamene ufa wayamba kuchepa m'nyumba zambiri. Tsiku lalitali ndi ntchito yolemetsa zimakumana pamodzi.

Komabe ife tili ndi mwayi, pakuti Malaŵi sali kutali ndi mzere wa Ikweta, kumene usana ndi usiku zimalingana. Ku London, mu Juni 2015, Asilamu ankasala maola oposa 18. Ku Tromsø, kumpoto kwa dziko la Norway, dzuŵa sililoŵa konse kwa milungu ingapo, ndipo kumeneko Asilamu ambiri amatsata nthaŵi ya ku Makka.

Poŵerengera, m'chaka cha 2030 Ramazani adzayamba kaŵiri, mu Januwale ndiponso kumapeto kwa Disembala, ndipo m'zaka zotsatira adzagwera pa masiku aatali kwambiri a kuno kwathu.

Makolo ndi achinyamata, izi zikutikhudza ife tonse. Tikalemba Msilamu ganyu m'mwezi umenewu, timlole kulaŵirira kumunda ndi kuŵeruka dzuŵa lisanakwere, ndipo timlipire nthaŵi yake kuti akagule chofuturu madzulo. Mnzathu wa m'kalasi akakana phala kapena kusiya mpira usanathe, tisamseke kapena kumnyengerera kuti amwe madzi mobisa. Iye wakhala ali maso kuyambira usiku, ndipo akuyang'ana kumadzulo kudikira kuti dzuŵa liloŵe.