Tizilombo ta M'zithaphwi ndi Mafuko Ake

Mvula yoyamba ikagwa, zithaphwi za m'madambo zimadzaza madzi. Pakapita masiku angapo, munthu akatunga madziwo m'botolo n'kuwayang'anitsitsa padzuŵa, amaona timadontho tikuyendayenda. Tina timasambira mothamanga, tina timakwaŵa pansi. Pakati pa timadonthoti pali tizilombo tooneka ngati njere za maŵere, timene akatswiri a zamoyo amatitchula kuti Ostracoda. Dzinali adalipereka ndi katswiri wa ku France, Pierre Latreille, m'chaka cha 1802, ndipo lidachokera ku mau a Chigiriki otanthauza chigoba kapena phale. Tambiri ta m'madzi opanda mchere n'totalika pafupifupi milimita imodzi yokha.

Kodi ndi nkhono kapena nkhanu?

Kachilomboka kamakhala m'kati mwa zigoba ziŵiri zolumikizana kumsana, zimene zimatseguka ndi kutsekeka ngati chitseko. Kakaopsedwa, kamabweza ziŵalo zake zonse m'kati n'kudzitsekera. Poona zimenezi munthu angaganize kuti ndi mwana wa nkhono za zigoba ziŵiri zija zopezeka m'nyanja ndi m'mitsinje. Koma tikakaika pansi pa galasi lokuzira zinthu lotchedwa maikulosikopu, timaona zina. Kali ndi miyendo ya mfundomfundo, tinyanga tinayi, zibwano, ndipo tambiri tili ndi diso limodzi lokha. Nkhono ilibe miyendo.

Kakulidwe kakenso n'kosiyana. Chigoba cha nkhono chimakulira limodzi ndi mwini wake, n'chifukwa chake chimakhala ndi mizere. Koma kachilombo kathuka kamafundula monga nkhanu: kamataya zigoba zakale n'kupanga zina zatsopano. Tambiri timafundula kasanu n'katatu tisanakhwime. Choncho mbale wake ndi nkhanu, osati nkhono. Apa tikuphunzira lamulo lalikulu la akatswiri ogaŵa zamoyo m'magulu: chibale sachionera pa maonekedwe a kunja okha ayi, koma pa kapangidwe ka ziŵalo.

Mmene zamoyo amazigaŵira

Munthu ali ndi mtundu wake, mfunda wake, banja lake, ndiponso dzina lakelake. Zamoyo nazo amazigaŵa chimodzimodzi, kuyambira pa gulu lalikulu mpaka pa laling'ono. Gulu la zamoyo za miyendo ya mfundomfundo limatchedwa Arthropoda, ndipo muli dzombe, kangaude, bongololo ndi nkhanu. M'kati mwake muli gulu la nkhanu ndi abale ake, lotchedwa Crustacea. M'menemo ndimo muli Ostracoda.

Mtundu uliwonse wa chamoyo umakhala ndi maina aŵiri a Chilatini. Njira imeneyi adaikhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amene adayamba kuigwiritsa ntchito pa nyama zonse m'chaka cha 1758. Dzina loyamba lili ngati mfunda, monga Phiri kapena Banda. Lachiŵiri ndi la mtunduwo wokha. Mwachitsanzo, kachilombo kena ka mizeremizere kopezeka m'maiko ambiri kamatchedwa Cypridopsis vidua. Munthu wa ku Zomba ndi munthu wa ku Tokyo akatchula dzinali, onse amadziŵa kuti akunena kachilombo kamodzimodzi.

Mafuko atatu

Mitundu yambiri ya Ostracoda imakhala m'nyanja zamchere. Ya m'madzi opanda mchere imene idalembedwa kale ndi yoposa 2,000, ndipo pafupifupi yonse ili m'mafuko atatu.

Fuko loyamba ndi Cypridoidea, ndipo ndilo lalikulu kuposa ena. Tambiri ta m'fukoli tili ndi ubweya wautali pa tinyanga take umene timapalasira madzi posambira. Miyendo yake yomalizira siyendera ayi. Imapindikira m'kati, ndipo ntchito yake ndi kusesa zinyalala m'zigoba. Mazira a mitundu yambiri ya fukoli safa chithaphwi chikauma. Amagona m'dothi chilimwe chonse, ena zaka zingapo, kudikira mvula.

Fuko lachiŵiri ndi Cytheroidea. Iti sitisambira. Tili ndi miyendo isanu ndi umodzi yofanana, ndipo yonse ndi yoyendera pamchenga ndi pamatope. Zigoba zake kaŵirikaŵiri zimakhala zochindikala ndiponso za tizibowo, timizere kapena timabampu.

Fuko lachitatu ndi Darwinuloidea, laling'ono koposa, la mitundu makumi oŵerengeka chabe. Zigoba zake n'zosalala ndiponso zazitali ngati njere ya mpunga. Mayi amasunga mazira ndi ana chakumbuyo m'kati mwa zigoba zake. Chodabwitsa n'chakuti pafupifupi tonse ndi tatikazi, tobereka popanda tatimuna. Mpaka m'chaka cha 2006 ndi pamene akatswiri adalengeza kuti apeza tatimuna tamoyo ta mtundu umodzi pa chilumba china cha ku Japan.

Nanga kachilombo kakafa, miyendo n'kuola, fuko lake amalidziŵa bwanji? Pali minofu imene imakoka zigoba kuti zitsekeke, ndipo pamene idagwira pamatsala zipsera. Pa fuko loyamba zipserazo zimaunjikana ngati phazi la mphaka. Pa lachiŵiri zimandandalika zinayi, china pamwamba pa chinzake. Pa lachitatu zimazungulira ngati duŵa. Motero ngakhale chigoba chimene chidagona m'matope zaka zikwizikwi chimaulula fuko la mwini wake.

Matope ouma a m'phukusi

Ntchito yopatsa maina tizilomboti ndi yofuna kuleza mtima. Katswiri amang'amba kachilombo ndi timasingano, n'kuyala ziŵalo zake pagalasi, n'kuzijambula chimodzichimodzi. Mmodzi mwa amene adagwira ntchitoyi mwaluso ndi Georg Ossian Sars wa ku Norway. Anthu ankamutumizira matope ouma a m'zithaphwi za ku South Africa, Australia ndi maiko ena. Iye ankawathira madzi m'mitsuko yagalasi, mazira n'kuswa, tizilombo ta maiko akutali n'kumasambira pamaso pake. M'chaka cha 1898 adalemba za Megalocypris princeps wa ku South Africa, wotalika ngati njere ya mpunga, amene ndi chimphona pakati pa anzake. M'chaka cha 1910 adalembanso za mitundu ya m'Nyanja ya Tanganyika.

Ntchitoyi ikupitirirabe. M'chaka cha 2003 katswiri wa ku Belgium, Koen Martens, adapatsa maina mitundu isanu yatsopano ya m'Nyanja ya Malaŵi, yonse ya mfunda wa Gomphocythere, wa m'fuko lachiŵiri lija.

Phindu la kudziŵa maina

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani. Yankho n'lakuti mtundu uliwonse uli ndi madzi amene umakonda: wina osaya, wina akuya, wina okhala ndi kamchere. Wodziŵa dzina la kachilombo amadziŵanso madzi amene kankakhalamo.

M'chaka cha 2005 akatswiri adaboola pansi pa Nyanja ya Malaŵi, pamalo pamene madzi ndi akuya pafupifupi mamita 600, natulutsa matope akalekale. Masiku ano pansi pamenepo palibe mpweya wopuma, kotero kuti tizilomboti sitingakhalepo. Komabe m'zigawo zina za matopewo adapeza zigoba zochuluka, zina za mitundu yokonda madzi osaya. Umboni umenewu, pamodzi ndi wina, udasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa, ndipo nyanja yathu idaphwa ndi mamita oposa 500. Akadasokoneza maina a tizilomboti, akadaiŵerenga molakwa mbiri ya nyanjayo.

Tsono mukadzadutsa pa chithaphwi chouma m'mwezi wa Okutobala, musadzaganize kuti mulibe kanthu. M'dothi long'alukalo muli mazira amene akudikira mvula, ndipo mwina ena ndi a mtundu umene palibe munthu adaupatsa dzina.

Mau ofunika kuwadziŵa

chithaphwi, phale, kufundula, mfunda, chipsera, kuphwa

Mafunso

1. Tchulani zinthu ziŵiri zosonyeza kuti tizilomboti ndi abale a nkhanu, osati a nkhono.
2. Kodi ubwino wopatsa chamoyo maina aŵiri a Chilatini ndi wotani?
3. Fotokozani kusiyana kwa miyendo ya fuko loyamba ndi ya fuko lachiŵiri.
4. Kodi fuko la kachilombo kakufa amalidziŵa bwanji?
5. Chidathandiza Sars n'chiyani kuti aone tizilombo tamoyo ta maiko akutali ali kwao?
6. Kodi zigoba za m'matope zidaulula chiyani za Nyanja ya Malaŵi?

Ntchito

Tapani dothi louma la pamwamba pa chithaphwi chimene chidaphwa. Liikeni m'botolo loyera la kukamwa kwakukulu, thiranimo madzi a mvula, ndipo muliike poŵala koma posaomba dzuŵa. Yang'anani tsiku ndi tsiku kwa masabata atatu, ndipo jambulani zimene mukuona. Musaloŵe m'madzi a m'zithaphwi, chifukwa mungatenge likodzo.