Kukaombeza za ntchito m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Pa Mponela, pomwe msewu wa ku Ntchisi umapatukira kuchoka mu M1, mapolo a magetsi ndi makoma a magolosale amakhala ndi timapepala ta anthu odzitcha madokotala a zitsamba. Malonjezo ake ndi omwe tinawazolowera: kubweza mwamuna wothawa banja, kugwira wakuba, kuwina mlandu kukhoti. Koma pamndandandawo sipalephera kukhala kupeza ntchito, kukwezedwa pa ntchito ndi kukoka makasitomala pa geni. M'munsi mwake mumakhala nambala ya foni. Mvula ikatsuka timapepalato, pasanathe masiku wina amadzamata tina, ndipo zimenezi zikutiuza kuti oimba foni alipo.

Ambiri mwa oimbawo ndi achinyamata. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 317,000 ku Ntchisi, ndipo monga zilili m'dziko lonse, ochuluka ndi ana ndi achinyamata. Kuno chuma chili m'nthaka: fodya wa bale, soya, mtedza ndi chimanga. Amene wakhoza MSCE amabwerera kumudzi ndi satifiketi yake n'kupeza kuti munda wa makolo, womwe unagawidwa kale kangapo, sungamupatse moyo womwe sukulu inamulonjeza. Pamenepo mafunso amayamba kumudya. Agulitse njinga ndi mbuzi kuti apeze pasipoti ndi thiransipoti ya ku Joni? Atenge ngongole ku banki m'khonde ayambe kugula soya? Alowe kabaza pa Madisi, kapena apitirize kutumiza makalata ofunsira ntchito ku Lilongwe, komwe sayankha n'komwe? Wina anamaliza maphunziro a uphunzitsi ndipo wakhala zaka akudikira kuti boma limuitane. Winanso anamva kuti mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, dzikolo lili pa nkhondo, ndipo akudzifunsa ngati nayenso angalimbe mtima mwayi utabwera.

Awa si mafunso achibwana. Munthu akalakwitsa pamenepa, mpamba wonse wa banja umapita, ndipo sapezanso wina. Mu Juni 2020, unduna wa zaumoyo utaitana anthu kuti angofika ku intavyu popanda kuyamba alembera, khamu linakanganirana pageti ku Mzuzu mpaka ambiri anavulala. Amene anaona zithunzi za tsiku limenelo sangadabwe kumva kuti mnyamata wa ku Nthondo kapena kwa Kayembe akufuna wina woti amuuze ngati mwayi wake ulipo.

Wokaombeza amalawirira m'bandakucha, ndipo kawirikawiri sapita kwa sing'anga wa m'mudzi mwake. Amadumpha midzi ingapo, nthawi zina kuwoloka malire a boma, poganiza kuti wapafupi angangobwereza zomwe anamva kwa amayi kumjigo. Akafika amavula nsapato n'kukhala pamphasa. Waula wina amakhala ndi nsupa yovekedwa mikanda ndi litchowa, wina amayang'ana pakalilole, ndipo wina amavala mkanjo woyera wosokerera mtanda wofiira, n'kutsegula Baibulo ndi kuimbitsa nyimbo za kutchalitchi mpaka mzimu utamufikira. Kuyamba kwake kumakhala kwa patalipatali. Amati, mwana wanga, mtima wako suli m'malo, pali chinthu chomwe wakhala ukuchifuna koma chikungokupitirira. Wobwerayo amavomera kuti ndi momwemo, agogo. Waula amayesa njira ya matenda, ndipo akaona kuti kuvomera kwazizira amatembenukira ku banja, kenaka ku ndalama. Akatchula mapepala a sukulu n'kuona mnyamata akuweramitsa mutu, amadziwa kuti wafika. Pofika pomwe nkhani yonse yatuluka, mwiniwake amakhala ataiwala kuti zambiri wazinena yekha ndi nkhope, mapewa ndi mawu ake ovomera.

Mankhwala ake amadziwika m'dera lonse. Pali osamba pamphambano usiku pofuna kuchotsa minyama, pali mphini zotema pamphumi kapena pachifuwa, pali kamuzu koika kunsi kwa lilime polowa mu intavyu, ndi chithumwa choyenda nacho m'thumba. Amayamba ndi chipondamthengo, zotsalazo adzapereka zinthu zikayenda. Zikanathera pomwepa, bwenzi nkhani yake ili ya ndalama zotayika basi, ndipo mwina ena akanati kamuzu kamene kamulimbitsa mtima munthu wamantha pamaso pa mabwana kagwira ntchito yake.

Koma ula wathu suthera pamenepa, ndipo ichi ndicho chimandiwawa. Mnyamata amapita ndi funso loti atani pa moyo wake, koma amabwerako ndi yankho loti pali wina anamumanga. Wina anatapa dothi la phazi lake. Wina anatenga kope lake la ku pulayimale n'kukalikwirira pachulu. Waula wochenjera satchula dzina, amangoti ndi mayi wachikulire wa kuchimuna kapena wa kuchikazi, wokhala chakumadzulo kwa nyumba yanu, amene amakuseka pamaso. Dzinalo mnyamata amalipeza yekha ali m'njira yobwerera. Max Marwick, yemwe anakhala pakati pa Achewa a m'dera la Fort Jameson, lomwe lero ndi Chipata ku Zambia, analemba m'buku lake la 1965 kuti milandu ya ufiti inkagwa kwambiri pakati pa abale a bere limodzi, anthu olimbirana minda, chuma cha masiye ndi udindo pa mbumba. Lero cholimbirana chawonjezekera ndi ntchito ya malipiro a pamwezi, koma chala chikulozabe komwe chinkaloza kale: kwa azakhali, kwa atsibweni, makamaka kwa agogo omwe alibe mphamvu zodzitetezera. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndi omwe anatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana. Nkhani zambiri sizifika pa imfa ndipo sizilembedwa m'nyuzipepala. Zimathera pa mdzukulu kusiya kudya kwa agogo ake, kusiya kuwatungira madzi, n'kumauza anzake kuti mayi aja ndiwo akhalira mapepala ake. Chonsecho chomwe chamutsekera ntchito ndi chakuti ofunsira ndi zikwi pomwe malo ndi owerengeka.

Kuletsa kuombeza sikunayambe lero, ndipo Dowa ndi kumene mbiri yake ili yakuya. Mu 1889 Andrew Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anamanga mishoni pa Mvera m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula ina pa Kongwe, pomwe pali sukulu ya sekondale yotchedwa dzina lake. Kuyambira nthawi imeneyo mkhristu wopezeka ataombeza ankakhala ndi mlandu ku mpingo, ndipo abusa mpaka lero amalalikira pa Deuteronomo 18 podzudzula mchitidwewu. Boma la atsamunda nalo mu 1911 linakhazikitsa lamulo lokhudza ufiti, loletsa kumwetsa mwavi, kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi kugwira ntchito yofufuza afiti. Zaka zoposa 100 zapita, koma anthu sanasiye. Anangophunzira kupita usiku.

Ena anasintha khomo lolowera. M'malo mwa waula, masiku ano amapita kwa mneneri, kumapemphero a usiku wonse kapena kuphiri, atanyamula envulopu ya masatifiketi kuti aisanjike manja. Ndaonapo anthu akulira m'mapemphero oterewa ndipo sindikayika kuti chikhulupiriro chawo n'chenicheni. Koma mneneri akayamba kunena kuti akuona mayi wina wa kwanu atakhala pa mafayilo ako, n'kuwonjeza kuti ubzale mbewu ya ndalama kuti maunyolo aduke, ndiye kuti tabwerera pamphasa ya waula, kusiyana kwake n'kwakuti pano pali zokuzira mawu.

Tsopano pafoni pabwera china. Wachinyamata amene ali ndi bandulo akamayendayenda pa TikTok kapena YouTube amakumana ndi azimayi ndi azibambo akunja akuyala makhadi a zithunzi patebulo, n'kumati sankha mulu umodzi umve za ntchito yako. Makhadiwa amatchedwa tarot. Alipo 78, akuluakulu 22 ndi ang'onoang'ono 56. Anayambira kumpoto kwa Italy cha m'ma 1440 ngati masewera chabe a m'nyumba za olemera ku Milan ndi ku Ferrara. Zoombezera zinadza patapita zaka zoposa 300, pomwe Antoine Court de Gébelin wa ku France analemba mu 1781 kuti makhadiwa akusunga nzeru zobisika za ansembe akale a ku Egypt, zomwe analibe nazo umboni uliwonse. Makhadi omwe amaoneka kwambiri m'mavidiyomu anasindikizidwa ku London mu 1909, zithunzi zake anajambula ndi Pamela Colman Smith motsogozedwa ndi Arthur Edward Waite. Pa khadi lina pali mmisiri atakhala pabenchi akusula ndi hamala, ndipo owerenga amati limanena za kuphunzira luso ndi kulimbikira. Pa lina pali nsanja itawombedwa ndi mphenzi, anthu awiri akugwa chamutu, ndipo amati ndiko kusokonekera kwadzidzidzi monga kutha kwa ntchito.

Ambiri mwa owerenga makhadiwa kumaiko a azungu amanena okha kuti salosera za mawa. Amati chithunzi chimangothandiza munthu kutulutsa zomwe zili kale mumtima mwake: ukaona mmisiri uja n'kumva chisoni, mwina ukudziwa kuti ntchito yomwe uli nayo siikuphunzitsa kanthu. Pamenepa ndiwavomereza pang'ono, ndipo ndiwayamikira pa chimodzi, kuti makhadi awo nthawi zambiri amabweza funso kwa mwiniwake m'malo motumiza munthu kukakwiyira azakhali ake. Koma khadi silidziwa kuti soya adzagulidwa bwanji chaka chamawa, silidziwa kuti kwacha, yomwe inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, idzatsikanso liti. Ndipo vidiyo yomwe yakuuza kuti yakwana nthawi yosiya ntchito yauzanso zomwezo anthu ena zikwizikwi omwe asankha mulu womwewo.

Chifukwa chomwe mawu oterewa amamvekera ngati akunena iwe wekha chinaonetsedwa kalekale. Mu 1948 katswiri wa za maganizo Bertram Forer anauza ophunzira ake 39 kuti aliyense wamulembera ndemanga yakeyake yofotokoza khalidwe lake. Anawapempha kuti apereke malikisi osapitirira 5 posonyeza kulondola kwake, ndipo pakatikati anapereka pafupifupi 4.3. Kenaka anawaululira kuti onse analandira pepala lofanana, la mawu omwe ambiri anawatola m'kabuku kolosera za nyenyezi. Anali mawu oti munthu ali ndi luso lomwe sanaligwiritse ntchito, ndi oti nthawi zina amakayika ngati anasankha bwino. Ndani wosagwira ntchito pa Dowa Turn-off amene angakane zimenezi?

Komabe kuseka anthu opita kwa waula n'kulephera kuona chomwe akukapeza kumeneko. Waula amakhala nawe pansi osayang'ana wotchi. Amakulola kuti unene mantha ako onse, sakudula mawu, ndipo umachoka uli ndi chochita. Ndi kuti kwina komwe mwana wa mlimi wa kwa Kasakula angapeze zimenezi? Kale atsibweni ndiwo ankaunikira mphwawo, koma atsibweni odziwa za chigafa ndi okushoni ya ku Kanengo sangamuuze kusiyana kwa kosi ya zamagetsi ndi ya zomangamanga. M'sukulu zambiri za sekondale zoyendera, uphungu wa za ntchito umagwera mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi odzaza. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limatenga achinyamata kukaphunzira ntchito zamanja, koma wophunzira wakumudzi nthawi zambiri amamva za mwayiwu mochedwa kapena samva n'komwe. Mipingo yathu ili ndi akalipentala, anamwino, amakaniki, alangizi a zaulimi ndi aphunzitsi opuma amene amakhala m'mabenchi Lamulungu lililonse. Mpingo womwe umaimitsa mnyamata mgonero chifukwa chokaombeza ungathenso kumukhazika pansi ndi anthu amenewa Loweruka limodzi, amufunse chomwe amatha, amuwerengere mtengo wa ulendo wa ku Joni ndi zomwe zimachitika chitupa chikatha, amuuze moona mtima ngati geni yomwe akuilota ingabweze ngongole. Zimenezi sizifuna thandizo lochokera kunja.

Mu Juni 2016 khoti lalikulu ku Mzuzu, kudzera mwa jaji Dingiswayo Madise, linapereka chiletso kwa asing'anga, opanga zithumwa ndi olosera, ndipo linaletsanso kufalitsa malonda awo. Inali nthawi yomwe anthu achialubino ankaphedwa ndi kufukulidwa m'manda ndi ofuna zizimba za chuma. Chiletsocho sichinathetse malondawa, ndipo lero ambiri akuchitikira pafoni. Munthu amaombezedwa pa WhatsApp ndi dokotala amene sanamuonepo, amene amati ali ku Mozambique kapena kutsidya kwa nyanja. Amayamba ndi kandalama kochepa kotsegulira, kotumiza pa foni pomwepo. Mawa lake amauzidwa kuti mizimu yafuna mbuzi yoyera, ndipo popeza ali kutali angotumiza mtengo wake. Mkuja amamva kuti womumangayo ndi wokhwima kwambiri, pakufunika kuitana dokotala wamkulu. Ndalama ya mtedza ikatha, kapena akayamba kufunsa kuti kalata yomuitana ku ntchito ifika liti, nambala ija siipezekanso, ndipo ambiri sapita kupolisi chifukwa choopa kuti kumudzi ndi kumpingo adziwa komwe ndalamazo zinapita.